Atate Raimundo ndi masabata atatu a pachilumba

A mphakati ati ndilembe za moyo wa Atate Raimundo, ati ndine wa zala zachangu pa foni kkkk. Mundikhululukire zolakwika.

Anabadwira kutsidya ku Mozambique, anabatizidwa ali mwana. Nkhondo itavuta anaoloka ndi akazi awo Amai Nilza, nakhala ku Kavalamanja kuno kupha nsomba. Pa Sabata ukonde sanali kuukhudza, ati "nsomba nazo zipume, zili ndi Mwini wake" kkkk. Zaka zonsezo ndiwo anali kuolotsa katekisti pa bwato, mvula kaya dzuwa.

Amai Nilza anamwalira ndi TB, mwana wawo wamkazi naye TB yomweyo. Anatsala ndi adzukulu awiri, Laura ndi Cindy.

Manje mu 2019 m'nthiti kumanja munayamba kuwabaya. Akapuma, mpeni. Akatsokomola, misozi. Mtima wawo unati basi TB yandipeza, ndipo ikamaliza ine idzatenga ana. Sanauze munthu. Anasiya atsikana kwa aneba, napalasa kupita pakachilumba kamene asodzi amayanikapo nsomba. Masabata atatu! Anali kugonera mbali yowawa chifukwa ndiye ululu unali kuchepako, kupuma pang'onopang'ono, kolona m'manja. Madzulo anali kuona Cindy pagombe akukuwa "ambuyaaa", iwo kubisala m'mabango, kulira, kupempha Mulungu kuti mwana aiwale msanga. Cindy anasiya kudya.

Amai Peggy, atcheya a mphakati, anatopa nazo. Anaoloka okha.

"Musafike pafupi, amai!"

Amai Peggy khaa pambali pawo penipeni. "Ngati ni TB tifa awiri. Mundipha ndinu, mukayankhe kumwamba."

"Muli ndi ana imwe."

"Imwe muli ndi mbuzi?"

Kkkkk ati anafuna kuseka koma nthiti zinakana. Anakwera bwato.

Ku kiliniki nesi, Sisita Exildah, anafunsa pamene pawawa, kuyambira liti, ngati aonda. Anaika chomvetsera pa nthiti, ati pumani maningi, mukoke mpweya wambiri. Atate anapuma, nakuwa. Nesi ati, "Ndamva kukhulana, monga chingwe pa bwato. Mapapo ali ndi kachikopa kowakuta, kanu katupa, ndiye kakubayani mukapuma. Koma nthawi zina TB ndiyo imabweretsa izi, tipime makhololo, mukajambulidwenso m'chifuwa."

Masiku anayi akuyembekezera. Anakana kulowa m'nyumba, anakhala pansi pa mtengo kuseri kwa kiliniki, osadya, ati "Ambuye ndalandira imfa ziwiri kale, yachitatu ikhale yanga ndekha."

Tsiku lachinayi nesi anabwera ndi pepala. "Atate, TB mulibe. Mankhwala awa, masabata awiri muchira. Ndipo olo ikanakhala TB, imapola masiku ano. Chilumba sichichiritsa."

Iwo funso limodzi chabe. "Mwana ndingamunyamule?"

Cindy anawalumphira ku nthiti zowawa zomwezo, anakuwa ayiii koma sanamutsitse kkkk.

Kuchokera apo aliyense wotsokomola Atate anali kumutengera ku kiliniki, wofuna wosafuna. Mu Juni chaka chatha anadwala pang'ono, analandira mafuta a odwala. Masana Laura anafuna kutulutsa Cindy kuti Atate apume. Iwo ati, "Msiyeni, ndinamuthawa kale kamodzi." Anapita mwakachetechete, atsikana onse awiri atatsamira pa iwo.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Imwe mukadwala nenani, abale, tilipo.