Nambala Imene ba Kafwanka Anaiwala

Ba Kafwanka anali munthu wa makina pakampani yathu ya malole ku Ndola, zaka zija makompyuta aang'ono atangoyamba kudzaza m'maofesi. Ine ndinali dalaivala, ndiye ndinkawanyamula uku ndi uku, iwo ndi chikwama chawo cha mawaya. Anabadwira ku Luanshya, bambo awo ali mlonda wa pachipata cha mgodi, ndipo ankakonda kunena kuti nawonso ndi mlonda, koma wovala tayi. Munthu wabwino ndithu, wosalawa mowa, woimba besi kutchalitchi. Vuto lawo linali pakamwa. Eee, pakamwa paja!

Ntchito yawo anandifotokozera tili pamsewu. Uthenga uliwonse woyenda pawaya umakhala ndi nambala pachipumi, yosonyeza khomo lake. Wa chikompyuta chakale cha kulikulu, chomwe chinkatulutsa ziphaso za katundu, unali 04. Makompyuta atsopanowo anali ndi nambala yawo, ndipo ankalongolola tsiku lonse ngati oitanira basi. Waya wopita kudepoti yathu ya ku Mansa unali wofooka, choncho phokosolo linkatsekereza ntchito yeniyeni. Ba Kafwanka analemba sefa m'kabokosi kolumikiza mawayawo: 04 azidutsa, ena onse azibwerera. Anayesera pawaya wa ku Mansa wokha, Lachisanu poweruka, osauza munthu, poti Lolemba akadabwitse bwana.

Lolemba makina a ku Mansa anangoti zii. Malole odzaza nsomba za kunyanja ya Mweru anaima pabwalo opanda ziphaso, dzuwa likuswa mtengo, mpaka nsombazo zinayamba kununkha.

Wokhala pamakinawo anali bana Mwelwa, ndiye kuti amake a Mwelwa, mayi wamasiye amene anakalambira pakampanipo. Atafunsidwa pafoni ananena zoona: Loweruka denga linadontha, iwo anasuntha makina n'kuwapukuta.

"Si ndimanena ine, bwana?" anatero ba Kafwanka kumsonkhano. "Anthu akumudzi awa amatsuka kompyuta ngati mbale. Waya wanga ulibe vuto, ndikulumbira!"

Ofesi yonse inafa nalo phwete, kupatula bwana Sinyangwe. Sabata isanathe, bana Mwelwa anachotsedwa ntchito.

Tinapititsa makina atsopano, nawonso zii. Apo m'pamene ba Kafwanka anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa sefa yawo ija. Funso limanyamuka ndi 04, inde, koma yankho limabwerera ndi 05. Zimenezi ankazidziwa bwinobwino, anangoiwala basi. Sefa yawo inkabweza yankho lililonse. Anakonza kanthawi kosakwana kumwa tiyi, Mansa inadzuka, anthu anaomba m'manja n'kumawatcha injiniya. Ndinawaona nkhope itachita kugwa, thukuta lili kamukamu.

Analowa kwa bwana kukaulula. Ine ndinali pakhomo ndi makiyi, ndinamva zonse.

"Kafwanka, kwa akuluakulu ndanena kale kuti ndi madzi," anatero bwana Sinyangwe. "Malo a mayi uja ndaikapo wina. Ukufuna tichotsedwe tonse? Tseka pakamwa."

Anatsekadi, munthu amene sankatseka pakamwa ngakhale pamaliro. Nthabwala zinatha, nkhomaliro ankadyera m'chipinda cha mawaya. Patapita miyezi anandipeza ndikutsuka galimoto.

"Ba Mutale, Loweruka mundiperekeze ku Mansa. Mafuta ndi anga."

Tinawapeza bana Mwelwa pakhonde, akuwotcha chinangwa pambaula chogulitsa ndi mtedza. Atationa anadzuka, kuomba m'manja, kutipatsa mipando ndi munkoyo, thobwa lakumeneko.

"Mukwai," anatero mwaulemu wakumeneko, akuyang'ana ba Kafwanka, "ndamva kuti ndinu munakonza zimene ndinawononga. Mulungu akudalitseni. Ine mpaka lero kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, ndituluke anthu asanandione. Tauni yonse imadziwa kuti ndinawoletsa nsomba za anthu."

Ine manyazi anandigwira ngati wolakwa ndine. Ndinangoyang'ana m'kapu.

"Bana Mwelwa," anatero ba Kafwanka, "simunawononge kanthu. Madzi sanalowe m'makina. Ndine. Ndinaiwala nambala imodzi."

Mayiwo anatembenuza chinangwa, chimodzi, china, osathamanga.

"Munadziwa liti?"

"Kalekale, mukwai."

"Nanga kumsonkhano kuja munati chiyani za ine? Anandiuza kuti anthu anaseka."

Ndinkaganiza kuti azembazemba. Ayi, anabwereza mawu aja onse, maso ali pansapato. Kumva munthu wamkulu akubwereza nthabwala yake pamaso pa wonyozedwayo, popanda woseka, abale, ndinalakalaka nditalowa pansi.

"Ntchito simungandibwezere," anatero bana Mwelwa. "Pepani wanunso sindikumufuna pakhonde pano, pomwe akumva ndi dalaivala yekha. Mawa ndi Lamlungu. Mukanene zimenezi kwa anthu amene ndakhala ndikuwabisalira."

Tinagona ku Mansa. M'mawa, zolengeza zitatha, mkulu wa mpingo anati pali mlendo wa ku Ndola amene ali ndi mawu. Ba Kafwanka anaimirira kutsogolo, tayi ili pakhosi, manja akusowa powaika. Ananena dzina lawo, ananena za sefa, ananenanso za mbale zija. Ankalankhula motsitsa kwambiri, mpaka gogo wina anakuwa kuti akweze, sakumveka. Anayambiranso.

Bana Mwelwa anali atakhala pabenchi yoyamba. Mayiwo sanayang'ane n'komwe kwa ba Kafwanka. Anatembenuka pomwe anakhalapo, mutu uli m'mwamba, n'kumayang'ana anthu a mpingo wawo, mmodzimmodzi.