Mizere Yobisika pa Mayina a Ana a Ulimbitso

Nditamaliza sekondale kwathu ku Nsanje, achemwali anga ananditumizira uthenga kuti ndipite ku Bangwe. Amuna awo anali mlembi pa parishi ina kumeneko, ndipo ofesi yawo inali italandira kompyuta. Alamuwo ankafuna munthu wowathandiza kutayipa. Ndinkagona pabalaza, mphasa ndikuyala anthu onse akalowa kuchipinda, n'kuipinda asanadzuke.

Alamu anali munthu wansangala, wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndi iwo anandipezera malo ophunzirira kompyuta ku Limbe. Tikakumana ndi anzawo pasiteji ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Uyu si mlamu ayi, ndi mphwanga." Ine ndinkangoyang'ana pansi, koma mumtima ndinkakondwa kwambiri. Ndinkafika ku ofesi m'mamawa iwo asanafike, kusesa, kuvundukula chitenje chimene tinkafunditsa kompyuta kuopa fumbi. Ndinkafunitsitsa kuti asadzanong'oneze bondo kuti ananditenga.

Ntchito yaikulu imene ndinaipeza inali ya ana ofuna kulandira sakramenti la Ulimbitso. Anawa amaphunzira katekisimu chaka chonse m'miphakati yawo, timagulu ta akhristu a dera limodzi, kenako amalemba mayeso. Mayina a amene akhoza amawerengedwa m'tchalitchi Lamulungu, makolo onse ali pomwepo. Amayi ambiri sadikira tsikulo. Mphunzitsi akangowatsina khutu kuti mwana wachita bwino, nsalu yoyera imakhala yapita kale kwa telala.

Mayina onse anali m'tebulo la pakompyuta, mwana aliyense mzere wake, motsatira afabeti. Pafupi ndi dzina panali mphakati wa mwanayo, ndipo kumapeto kunali kabokosi kopanda kanthu kolembamo "wakhoza" kapena "abwereze". Aphunzitsi ankabweretsa zotsatira papepala. Ine ndinkaika chala padzina, kulifufuza pakompyuta, kulemba, kenako kuwerenganso. Zinkachedwa, koma ndi mmene ndinkadziwira.

Mphakati wotsiriza unali wa kumtunda kwa msika, waukulu kuposa yonse. Mphunzitsi wake ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, choncho zake anabweretsa pa fulashi zotayipatayipa. Linali Lachisanu masana. Ndinayamba monga mwa nthawi zonse, dzina limodzilimodzi. Alamu anaima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mlamu, ukuchita ngati ukusankha mpunga wa pa ukwati. Magetsi akatizimira pano, Lamulungu ukawerenga chiyani, chala chakocho?"

Anandionetsa kusefa. Anadina kamuvi kali pamwamba pa miphakati, n'kusankha wa kumsika uja. Mayina ena onse anazimiririka, n'kutsala a mphakati umenewo okha.

"Waona? Tsopano kopa zotsatira zonse za pa fulashizo, ubwere upesite apa, zilowe zonse kamodzi. Basi, tiweruke."

Ndinakopa. Koma ndisanapesite ndinaona kuti manambala a mizere kumanzere akudumphadumpha, sakutsatizana ngati kale.

"Alamu, nanga ana ena aja apita kuti? Manambalawa akudumpha."

"Apita ku Nsanje kukawedza," anatero akuseka. "Pesita, man, usaope. Siiluma."

Ine ndinali ndisanadinebe. Iwo anaika kapu pansi, anandikankha pang'ono ndi chigongono, n'kudina okha. Mabokosi a pamwamba anadzaza, koma a m'munsi anatsala opanda kanthu. Alamu anati kompyutayo yatopa, otsalawo ndimalize pamanja. Ndinamaliza mosamala, ndikuwerenga kawirikawiri. Iwo anapulinta mayina a okhoza, anawaika mu envelopu, tinatseka.

Lamulungu, Misa itatsala pang'ono kutha, katekisiti wamkulu anayamba kuwerenga. Poyamba kunali zii. Kenako anatchula mnyamata wina amene aliyense ankadziwa kuti anasiya katekisimu kalekale n'kuyamba kuitanira minibasi. Kumbuyo ena anaphulika nako kuseka. Kutsogolo kwanga kunakhala mtsikana amene ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya ana, pamodzi ndi amayi ake, amene ankagulitsa zitumbuwa pasiteji. Katekisiti anadutsa pamene dzina lake linayenera kukhala. Mtsikanayo anatembenukira kwa amayi ake, iwo anamugwira dzanja kuti adikire. Anadikira mpaka pepala linapindidwa. Potuluka, ana ambiri ankalira, ndipo azimayi anazungulira khomo la ofesi yathu.

Mawa lake kunabwera bambo mfumu wachinyamata amene ankadziwa za makompyuta. Anaitanitsa mapepala onse a aphunzitsi, n'kukhala pampando wanga. Wapampando wa khonsolo ya parishi ndi katekisiti wamkulu anaima m'mbali. Bambo sanatenge nthawi. Anafotokoza kuti ukasefa, mizere ina sichoka, imangobisika. Zimene tinapesita zija zinatsika mzere ndi mzere osadumpha uliwonse. Zinagwera pa ana a miphakati ina amene sitinkawaona, n'kufufuta zimene ndinalemba kale. Wokhoza anasanduka wobwereza, wobwereza anasanduka wokhoza.

"Anapesita ndani?" anafunsa bambo, mosakalipa.

Ndinayang'ana alamu. Ndinkaganiza kuti aseka monga mwa chizolowezi chawo, anene kuti zala zawo zakalamba, nkhani ithere pomwepo. Iwo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Bambo, mwanayu ndinamuuza kuti azilemba limodzilimodzi monga tichitira. Ndinangotuluka pang'ono kupita kuholo, m'pamene anayesa zidule zake za ku Limbe. Komabe mlandu ndi wanga, ndinamukhulupirira msanga. Kwawoko kompyuta amangoimvera pa wailesi."

Wapampando anapukusa mutu. Bambo anatembenukira kwa ine.

"Ndi choncho, achimwene?"

Kwathu sitinaleredwe kuti uzitsutsa munthu wamkulu pagulu, makamaka amene ukugona m'nyumba mwake. Ndinayang'ana nsapato zanga. Bambo anadikira, kenako anapuma mozama n'kunena kuti chabwino. Wapampando anatambasula dzanja, ndinamupatsa kiyi wa ofesi. Anagwirizana kuti ndisadzagwirenso kompyutayo, ndiponso kuti ndikapepese pamsonkhano wa makolo.

Ndinakapepesadi. Ndinaima kutsogolo kwa holo, manja kumbuyo, alamu atakhala patebulo la akuluakulu akulemba zokambirana. Mayi wa zitumbuwa uja anaimirira.

"Ife mwana wathu chakudya sakudya kuyambira Lamulungu. Ngati ntchito simuidziwa, bambo, mumanena. Osamaphunzirira pa ana athu."

Ndinati, "Pepani, mayi." Alamu analembanso zimenezo.

Kunyumba ndinkayembekeza kuti tikakhala awiri anena kanthu, ngakhale liwu limodzi. Ndikanawakhululukira nthawi yomweyo, ndikudziwa. Koma anabwera ndi tchipisi m'jumbo, anandiponyera, n'kuyamba kukamba za mpira. Tsiku lotsatira chimodzimodzi.

Ndinapirira mpaka Loweruka m'mawa, iwo atapita ku parishi. Achemwali ankachapa kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pa mwala pafupi nawo n'kuwafotokozera zonse, za manambala odumpha, za chigongono, za amene anadina. Iwo ankangofikisa kolala ya shati ya amuna awo.

"Ndikudziwa," anatero. "Anandiuza okha tsiku lomwelo."

"Mukudziwa? Ndiye mwangokhala chete, achemwali?"

"Umafuna nditani? Iwe akakuchotsa, wachoka wekha. Iwowa akawachotsa, ine ndi anawa tilowera kuti? Ndiwe mwana, anthu aiwala. Utseke pakamwa, wamva? Usakayerekeze kupita kwa bambo mfumu."

Anafinya shatiyo n'kundipatsa kuti ndikayanike. Ndinakayanika.

Mayina anakonzedwa, ana oyenera onse analandira Ulimbitso wawo. Ine sindinakhalepo. Ndinali nditasamukira ku Machinjiri, kwa mnzanga wa kumudzi amene ankagwira ntchito pa kashopu ka fotokope, ndipo mwini wake anandilola kuti ndizithandiza kutayipa. Achemwali anandiperekeza mpaka pamsewu, akundiuza kuti ndisamachite mwano kumene ndikupitako.

Pa Khrisimasi ndinapita kumudzi. Ndinali nditakonza mumtima mmene ndikafotokozere amayi, chifukwa iwo okha ndi amene anatsala oti angandimvere. Nditangowapatsa moni, ndisanamwe n'komwe madzi, anandiyang'ana mwachisoni.

"Achemwali ako anaimba foni. Akuti unaononga makina a ansembe, mpaka mlamu wako anachita kukugwadira kwa akuluakulu kuti asakutengere kupolisi. Munthu wakuchitira zabwino chonchija, mwanawe. Unamuthokoza koma?"

Ndinayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo.

"Ndinawathokoza, amayi," ndinatero.