Tsiku Limene Intisar Sanaswali

Intisar anakwatiwa ku Girga ali wonenepa bwino, ndipo apongozi ake, Haja Zakiya, ankamunyadira. Ankati mkazi wathupi ndiye amadzaza nyumba ndi ana. Koma zaka zinapita m'nyumba muli zii. Msambo wake unkabwera mwa apo ndi apo, kenako unangosiya.

Dokotala wamkazi wa ku Sohag sanamubisire. "Mwana wanga, thupili lakulemera. Uziyenda tsiku lililonse mpaka thukuta lituluke, ndipo uchepetse zotsekemera. Msambo ukayambanso kubwera, chiyembekezo chilipo. Zotsalazo n'za Mulungu."

Koma akanayenda kuti? Mkazi woyenda mumsewu asanatumidwe, anthu amamunena. Choncho ankakwera padenga lawo lafulati ngati akukadyetsa abakha, n'kumazungulira pakati pa zingwe zoyanikapo zovala, khutu lili kumasitepe.

Madiresi atayamba kumukhwepa, Haja Zakiya anada nkhawa. "Taonani khosi ngati la nkhuku yachitopa. Ndani wakuponyera diso loipa?" Anamuphikira mefataka, phala la chitowe, mafuta ndi manyuchi a nzimbe lonenepetsera akazi, n'kumamuimirira mpaka ameze. Intisar ankameza, kenako n'kukazungulira padenga mowirikiza.

Ali komweko tsiku lina, anamva apongozi akewo akulankhula pabwalo ndi mwamuna wake, Ragab. "Chikondwerero cha Idi chikadutsa alibe pakati, tikupita kwa amalume ako. Mwana wawo Sabrin wakula, ndipo akulu ake onse ngobereka." Kuyambira pamenepo Intisar ankadzidzimuka ngakhale chitseko chikangolira.

Idi itayandikira, msambo unabwera. Intisar anakhala pansi m'bafa akuthokoza Mulungu chamumtima. Kenako kumzikiti anaitana swala, pemphero la masana. Mkazi amene ali kumwezi saswali, ndipo iye ndi apongozi ake ankayala mikeka yawo pamodzi nthawi zonse.

Haja Zakiya anamudikira. Anayang'ana mkeka wopindawo, anayang'ana Intisar amene anaima pakhomo atazolika, n'kuswali okha. Atamaliza anati, "Ragab, kavale mkanjo wako watsopano. Palibenso chodikirira Idi."

Intisar anatsatira Ragab kuchipinda.

"Ndimvereni, bambo. Chimene chabwerachi ndi chimene adokotala ankadikira."

"Magazi? Imeneyo ndiye nkhani yabwino?"

"Ndi chiyambi chake. Ndakhala ndikuyenda padenga monga anandiuzira. Ndipatseniko miyezi pang'ono."

Ragab anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mgugu wa pamwamba uja unali iwe? Ine ndimati abakha athu asanduka ng'ombe."

Intisar sanaseke. Anali atagwira mkono wa mkanjowo, ndipo zala zinkakana kuusiya.

"Ukubwera, kapena ndikakufunsirire ndekha?" anafunsa Haja Zakiya ali pabwalo.

"Mkanjo sunasitidwe, amayi."

"Amalume ako akufuna mkamwini, osati mkanjo."

"Lero ayi, amayi."

Kenako Intisar anamva Haja Zakiya akukutumula shawelo yawo yakuda yoyendera, ndipo chipata chinatsekeka. Anapita okha.

Ragab anakhala pabedi n'kugwira mutu, osamuyang'ana mkazi wake. Intisar anaima pazenera, maso ali pamsewu wopita kwa amalumewo. Ankafunitsitsa kuyala mkeka kuti agwetse chipumi pansi, koma tsiku limenelo sikunali kololedwa. Anangoyendetsa milomo, akudikira kuti apongozi abwerako ndi mawu otani.