Kuseri kwa Mpanda wa Nkhadze

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinadzisankhira ndekha kuchoka pakhomo pa amayi anga. Zinali m'zaka zoyambirira za Chitaganya cha atsamunda, ife tikukhala ku Bundabunda, kumene atate anapeza munda atasamuka kwathu kum'mawa. Tinabadwa ana asanu ndi mmodzi, ine Malita wachitatu. Atsikana anayi tinkagona pa mphasa imodzi, bulangete limodzi, ndipo amene wagona kumphepete ndiye ankadzuka ndi chimfine.

Amayi anali ndi mkulu wawo, a Rozaliya, amene ife tinkawatchula kuti Amayi Aakulu. Amuna awo, a Phiri, anali kapitawo wa okama ng'ombe pa famu ina ya mzungu cha ku Palabana. Amayi Aakulu anabereka ana anayi, ndipo onse anayi anawaika m'manda asanayambe kuyenda. Ife ana izi sitinkaziganizira. Tinkangoona nsapato zawo zakuda, duku wawo wamaluwa, ndi kachitini ka shuga kamene ankatibweretsera.

Chaka chimenecho Amayi Aakulu anabwera titangokolola. Tinali pabwalo tikuswa mtedza pamene ndinawamva akuuza amayi kuti, "Mng'ono wanga, nyumba yanga ili zii. Nipatseko mmodzi."

Maso a amayi anapita kwa Tereza, wamng'ono wathu wa zaka zisanu. Ndinaona shuga, nsapato ndi duku zonse zikupita kwa mwana amene sankadziwa n'komwe kuzisirira.

"Tereza amakodza pa mphasa," ndinatero mokweza. "Nitengeni ine."

Tereza anayamba kulira. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Malita, udziwa kuti ni kutali?"

Ndinati ndikudziwa. Patapita sabata, a Phiri anabwera ndi njinga kudzanditenga, ndipo pochoka sindinacheuke.

Nyumba yawo inali ya njerwa zootcha, yofolera malata, patali pang'ono ndi komboni ya antchito. Inazunguliridwa ndi mpanda wa nkhadze wautali kuposa munthu, umene Amayi Aakulu anadzala okha, ndipo pakhomo panali chitseko cha malata chomangira waya. Masabata oyamba ndinakondwadi, sindinama. Ndinali ndi kama wangawanga. M'mawa uliwonse ndinkamwa tiyi wa mkaka, Lamlungu ndi buledi. Anandigulira nsapato, anandisokera madiresi awiri, ankandidzoza mafuta mpaka miyendo kuwala. Ndikagona ndinkatambasula manja ndi miyendo popanda wondiguda ndi chigongono, ndipo mumtima ndinkati ndafika.

Malamulo anabwera limodzilimodzi, onse ndi mawu ofatsa. Kumtsinje ayi, kuli ng'ona. Kukwera mtengo wa mango ayi. Kudya kwa eni ayi. Ana a m'komboni ayi, chifukwa ena ali ndi chifuwa, ena mphere, ndipo amayi awo ali ndi maso oipa. Za sukulu ya ku mishoni, imene anailonjeza pamaso pa amayi, anati njira ndi yaitali, tidzaona chaka chamawa. Ngakhale ntchito anandiletsa. Mpeni ungandicheke, moto ungandiotche, munsi ungandigwere paphazi. Kwathu ndinkanyinyirika ndi kusinja, koma pano ndikamva mitondo ikulira ku komboni, manja anga ankayabwa.

Akamapita kumadzi ankanditsekera m'nyumba ndi loko. Ndinazolowera chipinda chija mpaka ndinadziwa mng'alu uliwonse wa khoma, ndi nthawi imene malata amayamba kulira ndi dzuwa. Pazenera sindinkaona kanthu koma nkhadze. Ana ndinkangowamva mawu, akuseka, akukangana, wina akuitanidwa ndi amake. Ndinakumba kadzenje pafupi ndi khonde n'kumasewera chiyato, masewera a timiyala, ndekha, kudziwina ndekha, kudziluza ndekha. Lamlungu popita ku tchalitchi ankandigwira pamkono kuchokera pakhomo mpaka pabenchi, ndipo pobwera dzanja lawo linkasiya chidindo.

Madzulo aliwonse tikatha kudya ankandigwira masaya ndi manja onse awiri n'kundiyang'ana m'maso.

"Malita, wakondwa?"

"Nakondwa, Amayi."

Ndikachedwa kuyankha ngakhale pang'ono, nkhope yawo inkagwa, ndipo m'mawa mwake ndinkapeza andiphikira dzira kapena ayamba kusoka china. Motero ndinaphunzira kuyankha msanga.

Patapita miyezi ingapo amayi anabwera kudzandiona, ali ndi khanda kumsana. Ndinali nditakonzeratu mawu oti ndidzawauze, ndipo ndinkawabwereza tsiku ndi tsiku m'chipinda chotseka chija. Atandiona anawomba m'manja.

"Koma wanenepa! Taonani masaya!"

"Auze amako," anatero Amayi Aakulu. "Ukhala bwanji kuno?"

Ndinayang'ana mapazi a amayi, ong'ambikang'ambika ndi ulendo, ndi chitenje chawo chazigamba. Ndinayang'ana nsapato zanga ndi tiyi amene anali pamphasa. Mwana wokhuta angadandaule chiyani pamaso pa mayi amene wasiya ana anayi akudya kamodzi patsiku? Mawu onse aja anandithawa.

"Nili bwino," ndinatero.

Potsanzikana pachitseko cha malata amayi anandinong'oneza kuti, "Abale ako akukusirira. Usanichititse manyazi." Waya anamangidwanso. Ndinamvetsera mapazi awo mpaka anazimirira.

Mvula yoyamba itagwa, masana ena inswa zinatuluka pachulu chimene chinali kuseri kwa mpanda. Ndinamva ana akukuwa, akuthamanga, zitini zikulira. Tsikulo Amayi Aakulu anagona ndi mutu, ndipo anaiwala kunditsekera. Chitseko cha mpanda tsopano chinali ndi loko, koma pansi pa nkhadze panali kabowo kamene agalu ankadutsapo. Ndinavula nsapato, ndinagona chafufumimba, n'kukwawa. Tinthambi tinkathyoka, utomoni wake woyera ngati mkaka ukundidonthera m'tsitsi ndi m'manja, koma sindinasamale.

Kunja kuja palibe amene anandifunsa kuti ndine yani. Mtsikana wina anangondiponyera nthambi n'kunena kuti, "Menya uko!" Tinathamangitsa inswa m'matope, tinagwa, tinalimbirana chitini chimodzi, mapiko akutimatirira kumaso. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, mwina yongokwanira kuwiritsa madzi. Kenako thukuta linatsikira m'maso, ndipo ndinapukuta ndi dzanja.

Zinali ngati wina wandithira makala a moto. Ndinagwa pansi ndikukuwa, ndikutikita, ndipo potikita ndinkangoonjezera. Ana anabalalika. Ndinamva manja a munthu wamkulu akundinyamula n'kundigoneka pamiyendo. Anali amake Jailosi, mkazi wa mmodzi wa okama ng'ombe, yemwe uja Amayi Aakulu ankati ndiye wamaso oipa kuposa onse. Anachotsa mwana wake kubere, ananditsegula diso ndi zala, n'kuyamba kundifinyira mkaka wa m'mawere.

Amayi Aakulu anafika akuthamanga. Sindinkaona, koma mawu awo ndinawamva.

"Musiyeni mwana wanga!"

"Ngati mufuna akhale wakhungu, namusiya," anayankha amake Jailosi osaleka kufinya. "Gwirani mutu uwu, aleke kupukusa."

Ndipo anagwira. Anagwada m'matope, mutu wanga uli m'manja mwawo, mkazi wina akundipulumutsa ndi mkaka wa mwana wamoyo.

Maso anatupa masiku atatu, ndipo anandimanga kansalu. Amayi Aakulu sanandimenye, sanandikalipire. Anangouza a Phiri kuti atseke bowo lija ndi minga. M'mawa wa tsiku lachitatu, akundisambitsa kumaso ndi madzi ofunda, anandifunsa motsitsa mawu.

"Unasowa chani, mwana wanga? Sininakupatse zonse?"

Ndikhulupirira kuti ndikanakhala ndikuona, ndikananamanso. Koma nkhope yawo sindinkaiona, ndipo mawu anatuluka okha.

"Nifuna kwathu."

"Kwanu kuli njala."

"Nifuna kwathu."

Madzi anasiya kudontha. Kenako anati, "Ukapita, ine nizakhala na ndani?"

Ndinali mwana, koma ndinamva kulemera kwa funsolo, ndipo ndinakhala. Maso anachira. Chitseko chinapitiriza kutsekedwa, ndipo tsopano ankagona masana atagwira kiyi m'manja. Chimodzi chokha chinasintha: madzulo sankandifunsanso kanthu. Tinkadya chete, anthu awiri odziwana zoona, wina akuopa kusiyidwa, wina akuopa kupempha kachiwiri. Dzinja lonse linatha choncho. Chimanga chinakula, chinauma, chinakololedwa, ine ndikungomva za izo kwa odutsa kunja.

A Phiri anali munthu wosalankhula. Ankachoka kusanache, n'kubwera akununkha khola, ndipo m'nyumba sankatsutsa kanthu. Lamlungu lina titabwera ku tchalitchi, anatulutsa njinga n'kuyamba kupopa matayala. Akazi awo anaima pakhonde akuwayang'ana.

"Amake Yosefe," anatero a Phiri, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Anayi aja anatenga ni Mulungu, tinalibe chochita. Uyu ali moyo, koma tikumukwirira tokha."

Amayi Aakulu anatembenuka. Analowa m'nyumba, anamanga zovala zanga zonse m'nsalu, anaikamo ndi shuga, n'kudzapereka kwa amuna awo. Anamasula loko okha. Sanandiperekeze kupitirira chitseko, ndipo ine ndinalira njira yonse, osadziwa kuti ndikulirira iwo kapena ndekha.

Ndikanakonda kunena kuti kwathu ndinapeza mtendere wokhawokha, koma sizinali choncho. Amayi anandikwiyira sabata yathunthu. Abale anga ankanditcha dona, n'kumati ndine chitsiru chothawa mkaka. Tereza sanaiwale zimene ndinanena pabwalo paja, ndipo ankandikumbutsa mpaka titakula. Chaka chimenecho nkhokwe inatha msanga, tinadya mango owiritsa, ndipo m'mawa wina ndinalirira tiyi mobisa kuseri kwa nyumba. Komabe tsiku lina pobwera kumadzi ndi Tereza, iye anaterereka, mtsuko n'kusweka, madzi onse kumuthira, ndipo tinaseka mpaka kukhala pansi, ngakhale tinkadziwa kuti kunyumba kuli chikwapu. Ndinazindikira pambuyo pake kuti chaka chathunthu chinali chitadutsa ndisanaseke kotero.

Ine ndinkayesa kuti chimwemwe ndi malo, oti munthu ukangofikako n'kupatsidwa zimene unkasowa, watha. Amayi Aakulu ankayesa kuti chimwemwe ndi mwana, oti akangokhala m'nyumba, wodya bwino ndi wosakhudzidwa ndi choipa chilichonse, bala lawo lipola. Aliyense wa ife analandira chimene anapempha, ndipo tinakhala nacho m'nyumba imodzi tili osauka mumtima tonse awiri. Sanali munthu woipa. Palibe amene anandikondapo mwamantha ngati iwo. Koma anandipatsa ntchito imene mwana sangaithe, yokhala mankhwala a chisoni cha munthu wina.

Zaka zambiri ndinkawasungira mkwiyo, mpaka zinandifika ndekha. Amuna anga atamwalira, ndinatsala ndi mwana wanga womaliza, Agnesi. Chaka chomwecho anamuitana ku Ndola kukaphunzira unamwino. Anabwera ndi kalatayo n'kunena kuti, "Amayi, ngati mufuna nikhale, nizakhala." Ndinkafuna akhale. Ndinkafuna ndi thupi langa lonse, ndipo zifukwa zabwino ndinali nazo zambiri: Ndola ndi kutali, atsikana amaonongeka m'tauni, ine miyendo yayamba kuvuta. Tsiku limenelo ndinawakhululukira Amayi Aakulu.

Ndinamusenzera chikwama mpaka pamsewu wa ku Chongwe, ndinadikira basi inyamuke, ndipo pobwerera ndinalira ngati pamaliro. Nyumba inali yopanda munthu, ndipo inakhala choncho. M'mawa mwake amayi a mumpingo anadutsa akupita kukapalira munda wa mnzathu wodwala. Anaima panjira n'kundiitana. Ndinatenga khasu langa, ndinawatsatira.