Ndinapala Dzina la Zuze pa Bezi

Ndinanamiza mayi wokalamba pakhomo la tchalitchi, masanasana anthu akuona, chifukwa cha gitala. Mayiyo anamwalira ndisanakonze bodza langalo. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, ayi, chisoni sichindiyenera. Ndikufuna kuti inu owerenga, makamaka anzanga okonda zoimba, mumve mmene mtima wofuna kuoneka unandichititsira nkhanza kwa munthu amene sanandilakwire kanthu.

Kwathu n'kwa Katunga ku Chikwawa, koma ndimakhala ku Nchalo komwe ndimagwira ntchito yothirira nzimbe ku esiteti. Kutchalitchi kwathu ndinkaimba gitala ya bezi, ija ya nsambo zinayi zonenepa imene ikalira imagunda m'chifuwa. Zaka zonsezo ndinkaimba ya mpingo, yomwe tinkalandizana anthu atatu, ndipo mapemphero akatha ankaitsekera mu ofesi ya abusa. Ndinkalakalaka yangayanga. Ndivomerenso pano kuti ndine munthu wonyada. Nsapato zanga zikachita fumbi panjira sindilowa m'tchalitchi ndisanazipukute, ngakhale nyimbo yoyamba itayamba kale.

Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti ku Bangula kuli mkulu wokonza mawailesi amene akugulitsa bezi yakale. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi. Nditaiona ndinatsala pang'ono kubwerera. Penti wake wofiirira anali atasuwa ndi kusendeka ngati zipere, nsambo zili dzimbiri lokhalokha. Koma mkuluyo anati zamagetsi zam'kati wazikonza yekha, ndipo atailumikiza ku ampulifaya inalira mawu akuya amene sindinawamvepo pa ya mpingo ija. Nsambo yaikulu yokha ndi imene inali ndi kachilema. Ikalira inkatsatana ndi kaphokoso ngati ka njuchi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinaona tsiku lomwelo, sindinganame kuti sindinazione. Kutsogolo, pamwamba pa nsambo, panali kadzenje kosalala kamene chala chachikulu cha mwini wake chinakumba pa zaka zambiri zoimba. Kumbuyo kunali mawu owotcha ndi msomali wamoto: ZUZE, MAKHANGA. Ndinafunsa kuti Zuze ameneyu ndani. Mkuluyo anayankha kuti ndi mnyamata wina amene anapita ku Joni. Maso ake ankathawa anga, koma mtengo unali wabwino, ndiye funso lachiwiri ndinalimeza.

Kunyumba ndinayamba ntchito yoikongoletsa. Ndinkafuna kuti ikhale yofiira psu, ya malawi a moto akuda m'mbali, yoti munthu wa pabenchi lomaliza aziiona. Nditamasula khosi lake kuti ndipente bwino thupi, m'kati mwa polumikizira munatuluka matope ouma, aja osalala amene madzi osefukira amasiya m'nyumba, ndi kachigoba ka nkhono. Inu owerenga, ine ndine mwana wa kuchigwa. Matope amenewo ndimawadziwa ngati mmene ndimadziwira nkhope ya mkazi wanga. Ndipo palibe wa kuno amene sadziwa zimene madzi anachita ku Makhanga chaka chimene chija. Gitala imeneyi inali itagona m'madzi, ndipo munthu wopita ku Joni sasiya gitala yake m'madzi.

Mkazi wanga, mayi a Chisomo, anaona matopewo pamkeka. Anatembenuza thupi la gitala lija n'kuwerenga dzina, kenako anandiuza kuti ndisapale, ndiyambe ndafufuza kaye kuti mwini wake ali moyo kapena ayi. Ndinawakalipira. Ndinati ndagula ndi thukuta langa, ndipo za magitala akuzidziwira kuti iwo amene ngakhale m'manja saomba mogwirizana ndi ng'oma? Anangonyamula ndowa n'kupita kumjigo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinaumitsa khosi.

Ndinapala ndi sandipepala masiku atatu ndikaweruka. Dzina linali lakuya, msomali unalowa ndithu, moti Z womaliza kufufutika anandivutitsa mpaka zala zinatuluka matuza. Kadzenje ka chala kaja ndinakamata ndi phala lija amamata nalo galimoto zopindika, n'kusalaza. Ndinapopera penti wofiira katatu, ndinajambula malawi, ndinaika nsambo zatsopano ndi lamba wachikopa, ndipo pamene panali dzina la Zuze ndinamatapo sitika ya dzina limene anzanga amanditchula, CHIVOMEZI. Kaphokoso ka njuchi kokha ndi kamene kanakana kuchoka. Lamulungu loyamba achinyamata anaizungulira n'kumaijambula pafoni, ine ndikungonyada.

Patapita mwezi ndi theka, mapemphero atangotha, mkulu wa mpingo anandiitana kuti panja pali alendo anga. Ndinatuluka bezi ili paphewa. Pansi pa mtengo wa nimu panakhala amayi awiri. Mmodzi anali wokalamba, wowonda, maso oyera ndi ng'ala. Winayo anali wachitsikana, wovala mpango wakuda kumutu. Anati dzina lake ndi Dominga, mkazi wa Zuze, ndipo okalambawo ndi apongozi ake, mayi a Zuze. Anali atawoloka pa boti kuchokera ku Makhanga m'mawa womwewo.

Dominga ndi amene anafotokoza, akusakaniza Chisena ndi Chimang'anja. Tsiku la madzi lija Zuze anabereka mayi ake kumsana mpaka pamtunda pomwe anthu ankathawira, anabwereranso kukatenga mkazi wake, kenako anabwerera kachitatu kukatenga gitala, chifukwa ndi imene inkawadyetsa akamaimba m'maukwati. Ulendo wachitatuwo sanabwerenso. Thupi silinapezeke. Nyumba inapita yonse, osatsala ngakhale malaya ake amodzi. Mwambo wa kwathu kuno, thupi likasowa, akuluakulu amaika m'manda thunthu la nthochi pamodzi ndi chinthu cha womwalirayo kuti maliro athe. Koma chinthu cha Zuze panalibe, ndipo mayi ake anakanitsitsa kuika nthochi yokha n'kumati ndi mwana wawo. Choncho maliro anali chikhalire, Dominga ali chivalire mpango wakuda, osamasulidwa. Kenako anamva kuti msodzi wina anatola gitala m'bango n'kukaigulitsa ku Bangula, ndipo wokonza mawailesi uja anawalozera kutchalitchi kwathu.

Sanabwere kudzalanda. Anati akudziwa kuti ndinagula, akungopempha kuti tikambirane ngati anthu. Mayi a Zuze anamasula kansalu kamene ananyamula, m'kati muli mbatata zisanu, n'kukankhira kumapazi anga.

Tsopano mvetserani zimene zinkayenda m'mutu mwanga nthawi imeneyo, kuti mudziwe kuti munthu amatha kuchepa bwanji. Ndinkaganiza za chikondwerero cha makwaya chimene chinali kutsogolo masabata awiri. Ndinkaganiza za penti wanga akukwiriridwa m'dothi. Ndinkaganiza za achinyamata aja amene anali ataima chapafupi, kuti adzaziona bwanji akamva kuti Chivomezi amanyadira katundu wa maliro. Za mayi amene anakhala patsogolo pangawo sindinaganizeko.

Ndinati gitala ya ku Bangula ndinaiona koma sindinaigule, iyi ndinaitanitsa ku Blantyre.

Mayi a Zuze anapempha kuti aigwireko. Ndinaika pamiyendo yawo. Chala chawo chachikulu chinapita molunjika pamwamba pa nsambo, pamalo penipeni pa kadzenje kaja, n'kusisita pamene ndinamata. Anatembenuza, napapasa kumbuyo, napeza sitika yanga. Kenako anati, “Talizani nsambo yaikuluyo, mwananga, ndimveko.” Ndinaikoka kamodzi, popanda ampulifaya, ndipo kanjuchi kaja kanalira. Nkhope yawo sinasinthe. Anandibwezera gitala ndi manja awiri n'kunena kuti, “Takhuta,” komwe ndi kuthokoza m'Chisena. Anatsamira pa Dominga, nanyamuka. Mbatata zija anazisiya.

Mayi a Chisomo anaona zonsezi ali pakhomo la tchalitchi. Mbatata anazitola okha n'kukaziika pakona ya pabalaza, ndipo anandiuza kuti saziphika, zikhala pomwepo mpaka ndidzakazibweze ndi gitala yomwe. Ku chikondwerero ndinapita, ndinaimba, anthu anaimirira kuwomba m'manja. Koma kuyambira tsiku lija nsambo yaikulu ndinkaizemba. Aliyense woimba bezi akuuzani kuti nyimbo siyenda popanda nsambo imeneyo. Woimba kiyibodi anayamba kundiyang'ana modabwa, ine n'kumanamizira chala kuti chatupa.

Sabata iliyonse ndinkati ndipita Loweruka likubwerali. Loweruka likafika ndinkapeza chifukwa, mwina ntchito, mwina kutentha, mwina kuti madzi sanaphwe bwino. Chifukwa chenicheni chinali manyazi. Mbatata zija zinafota, kenako zinaphuka, mphukira zake n'kuyamba kukwawa pakhoma. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinaziona zitafika pawindo, ndipo ndinachita mantha ndi mbatata, ine bambo wa ndevu zanga. Inali itatha miyezi inayi.

Ndinakulunga bezi m'chitenje, ndinakwera minibasi mpaka ku Bangula, n'kuwoloka. Ku Makhanga sikunandivute kufunsa, aliyense ankamudziwa Zuze woimba m'maukwati. Ndinamupeza Dominga akupeta mapira pakhomo pa kanyumba ka udzu. Mpango wakuda unali utachoka kumutu. Anandizindikira ndisanafike, koma sanaimirire. Anandiuza kuti apongozi ake anamwalira masabata atatu apitawo, ndipo atangowaika, akuluakulu anaika nthochi ija pambali pawo kuti maliro a Zuze athe.

Ndinagwada pafumbi n'kuulula zonse, za dzina, za matope, za bodza la Blantyre. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, lichero lili pamiyendo. Kenako anati:

“Mukuganiza kuti mukundiuza zachilendo? Amayi anadziwa pamene munakoka nsambo ija. Kaphokoso kaja anakamva zaka ndi zaka m'nyumba mwawo, ankamukalipira nako Zuze. Ine ndinafuna kubwerera kuti ndikuyalutseni pamaso pa mpingo wanu, iwo anandigwira mkono. Tili m'boti anati, gitala ndi yomweyo, koma mwana wanga amupalapo, palibenso choti ndikaike.”

Ndinamasula chitenje n'kumupatsa beziyo. Anaiyang'ana, kufiira kwake, malawi ake, dzina langa kumbuyo, ndipo sanaikhudze. Anati imeneyo si ya mwamuna wake, ndinanena ndekha pakhomo la tchalitchi kuti ndi ya ku Blantyre, ndiye ndibwerere nayo. Anapitiriza kupeta. Ndinapempha kuti andilozereko manda, anakana.

Nditafika kunyumba ndinamatula sitika ija n'kutenganso sandipepala. Ndinapala penti wofiira kumbuyo konse pang'onopang'ono, ndikuganiza kuti mwina pansi patsala kachizindikiro ka msomali, ngakhale chilembo chimodzi choti ndikamuonetse Dominga. Ndinapeza thabwa loyera, losalala bwino. Ntchito ndinaigwira mwaluso, palibe chimene chinatsala. Ndinalira ngati mwana.

Lero kutchalitchi ndimakhala pabenchi ndi anthu ena onse. Bezi ili pamwamba pa kabati, yofiira kutsogolo, yoyera kumbuyo. Kuigulitsa sindingathe, kuiimba sindingathe, ndipo kokaibweza kulibe.

Inu owerenga, zakale tonse timagula, ndipo palibe cholakwa. Koma mukapeza dzina la munthu pa chinthu chimene mwagula, funsani funso lachiwiri lija limene ine ndinameza, makamaka kuno kwathu kumene madzi amatenga katundu pamodzi ndi eni ake. Musathamangire sandipepala. Penti mutha kupaka chaka chamawa, koma chimene mwapala sichibwerera. Ndipo ngati mwanamiza munthu wokalamba, musati ndipita Loweruka. Nyamukani lero, manyazi anu muwanyamule pamutu mupite nawo, chifukwa iye sakudikirani. Ine ndinachedwa ndi masabata atatu okha, ndipo mayi aja anapita m'manda mwana wawo asanaikidwe, akudziwa bwino lomwe dzina la tchalitchi chimene ndimapemphera.