Mphindi Makumi Asanu za a Khwangwala

Kabwalo ka ndegeko nkakang'ono: msewu umodzi wa phula, chipinda chodikirira cha mabenchi anayi, ndi sikelo ya katundu yomwe imanama ikafuna. Ndege imatera kawiri pa sabata basi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ntchito ya a Khwangwala inali kuyendera msewuwo ndege isanatere kapena kunyamuka, kutola timiyala ndi misomali, ndi kupirikitsa mbalame pomenya chitini ndi ndodo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo apantchito, poti iwo ndi akhwangwala ankadziwana ngati pachibale.

Ndege sanaikwerepo. Koma afunseni za bwalo linalo, la kuseri kwa mapiri, kumene mwana wawo wamkazi anakwatiwa! "Makilomita mazana atatu, mphindi makumi asanu mumlengalenga. Pa basi ndi maola khumi ndi limodzi, msewu wake wozungulira ngati wolodzedwa."

Maola a basiwo ndiwo anali pobisalira pawo. Chichitikireni maliro a mkazi wawo, pomwe iwo ndi mwanayo anaponyerana mawu opweteka, akawaitana ankangoti, "Nkutali, mwana wanga, msanawu." Zaka zisanu ndi chimodzi, anthuni, msana wokhawokha!

Lachinayi lina m'mawa mkamwini anaimba foni. "Bambo, mwana wanu akulowa ku opaleshoni 2 koloko masana ano. Chotupa cha m'mimba. Akuti akufuna akuoneni asanam'goneke."

A Khwangwala anangokhala pansi paphula pomwepo, chitini chili m'manja. Basi ikanawafikitsa zonse zitatha.

Mwamwayi linali tsiku la ndege yopita komweko. Woyendetsa ndege, mayi wamtali wosachedwa kupsa mtima, atamva nkhaniyi analowa mu ofesi, nkutulukamo. "Mpando ulipo umodzi, ndathana nawo kale. Tinyamuka 11 koloko, bambo. Osachedwa."

Nthawi itakwana, onse atakwera, munthu kulibe! Kusuzumira pazenera, uyo ali kumapeto kwa msewu, jekete la kutchalitchi lili pathupi, akumenya chitini. Anabwera chothamanga, ali wefuwefu.

"Mwatani kodi inu?" anakalipa woyendetsa ndege.

"Nanga tinyamuke msewu wosayendera? Pepani amayi, sindingathe."

M'mwamba sanayang'ane panja, maso anali pa wotchi. Asanamalize nkomwe kukonza mawu okapepesera, matayala anagunda pansi. Manyazi anawagwira, misozi nkulengeza. Kani ndi pafupi chonchi?

Mwana wawoyo anam'peza m'khonde la chipatala ali pabedi la matayala, anamwino akum'kankha. Anali ataonda, ndipo pamwamba pa chipumi panali imvi zimene bambo wake sanazione zikumera.

"Ababa! Mwafika bwanji?"

"Ndauluka, mwana wanga."

Mwanayo anaseka mpaka kugwira pamimba powawapo. Mawu onse okonzedwa m'ndege anabalalika m'mutu mwa a Khwangwala. Iye anavula magalasi ake nkuwaika m'manja mwawo.

"Mundisungire. Ndikadzuka mundiveke inuyo, musapatse wina."

Chitseko chinatsekeka. A Khwangwala anakhala pabenchi atafumbata magalasiwo ndi manja awiri. Namwino atawauza kuti apite akamweko tiyi poti zitenga nthawi, anapukusa mutu.

"Ayi, mayi. Angadzuke ine kulibe."