Ampulifaya Imene Inawapeza Mayi Likaka

Lachiwiri ndinachita manyazi, abale, ndipo wondichititsa anali ine ndemwe.

A Likaka, mphunzitsi wopuma wa kuno ku Balaka, anandiitana. Mwana wawo wabwera kuchokera ku Joni ndi maampulifaya awiri apamwamba, mtundu uja bokosi limodzi limalandira nyimbo n'kuikankhira lokha ku masipika. Asankhe imodzi, inayo ibwerera Loweruka. Anaitana ine poti ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira chipisi.

Ndinalowa ngati katswiri. Ndinapotokola kabatani mpaka kumapeto, monga timachitira pa ukwati, n'kufunsa kuti, "Iyi imamveka mpaka ku siteshoni?" Mawindo ananjenjemera. Nkhuku zinabalalika.

"Iyayi, achimwene," anatero a Likaka akutsitsa. "Sindikufuna siteshoni. Ndikufuna mayi a kuno."

Akazi awo anamwalira chaka chatha. Chatsala ndi chimbale chimodzi chimene kwaya ya kutchalitchi inajambula, iwo ali mzere wakumbuyo. Pa wailesi wamba mawu onse amangomveka phala. Bambowa amafuna bokosi limene lingawatolere mawu amodzi pakati pa khamu.

Tinayamba ndi yokongola, ya timagalasi toyaka ngati nyali. Inaimba mofunda, mokoma, ine mtima dyokodyoko. Koma inawakumbatira oimba onse pamodzi, mawu a mayi aja osamveka paokha.

Kenako yakuda, yolemera ngati thumba la simenti, yopanda chokongola chilichonse. Anaiika motsitsa. Abale! Khoma linachoka. Ndinamva amuna kumanja, amayi kumanzere, wang'oma akukhudza chikopa, benchi ikulira. Ndinamva anthu akukoka mpweya asanayambe mzere. Vesi yachiwiri ili pafupi, wina kumbuyo anatsokomola pang'ono, kenako mawu otsika, odekha, analowa mochedwerapo.

A Likaka anagwira bondo langa. "Ndi awo."

Tinamvetsera limodzi mpaka nyimbo inatha.

Kodi ife tinaphunzira kuti zoti chabwino ndi chofuula? Pa ukwati, pa msonkhano, mu minibasi ya ku Liwonde, ngakhale m'mapemphero, timayeza chokuzira mawu ndi kutalika kwa kumene chasokoneza. Mwini masipika akaona agogo atseka makutu, amati ntchito yagwirika. Nanga ndi anthu angati olankhula motsitsa amene tawakwirira m'phokoso lathu? Ine ndinayenda zaka ndikudziyesa wodziwa nyimbo, kumvetsera sindinayambe.

Yakuda yatsala. Yamagalasi yalowa m'katoni.

Pobwerera ndinapeza mayi Nasimango, aneba anga, akuanula zovala. Iwo anaimba kwaya imodzi ndi malemu. Nditawafotokozera, anasiya ndowa pansi.

"Anatsokomola vesi yachiwiri isanayambe? Ndi iyeyo ndithu! Ankatero akaiwala mawu, kuti ine ndimuyambire. Mukawauze a Likaka atsuke makapu. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tikubwera kwaya yonse kudzamuona mnzathu."